Msana wa Mng'ono Wanga

Amene tinakhala pansi tsiku limenelo tinali anthu anayi, ndipo ndiwatchula monga mwa ubale wathu kuti wowerenga asasokonezeke. Panali ine, woyamba kubadwa mwa amayi athu, mphunzitsi wopuma ntchito wa pasukulu ya pulayimale ya pa esiteti. Panali achimwene, amene anabadwa pambuyo panga koma ndiwo eni mbumba. Panali mng'ono wanga, mzime wa amayi athu, amene anathyola tiyi kuyambira utsikana wake. Ndipo panali alamu anga, amuna a mng'ono wangayo, mlonda wa pageti la fakitale. Munthu wachisanu panalibe, ngakhale kuti msonkhano wonse unali wokhudza iye: mwana wamkazi mmodzi yekha wa mng'ono wanga, amene amanditchula kuti amayi aakulu, ndipo mwa chikhalidwe chathu ndi mwana wanga ndithu. Iye anali kutsidya kwa nyanja, kumene amagwira ntchito yofufuza za matenda a khansa.

Linali Lamlungu m'mawa, Sabata litadutsa, pakhonde la nyumba yawo ya pa esiteti. Tinakumana kuti tigwirizane zoti timulembere mwanayo, chifukwa mayi ake anali atayamba kudwala.

Ndisanafike pa kalatayo, ndiyenera kufotokoza za mwana ameneyu. Ndinamuphunzitsa ndekha kuyambira sitandade 3. Anali mwana wosakhutira ndi yankho loyamba. Ukamuuza kuti tiyi amadulidwa kuti aphuke bwino, ankafunsa kuti mtengowo umadziwa bwanji kuti wadulidwa. Anasankhidwa kupita ku yunivesite chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri, ndipo atamaliza anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kunja. Tonse tinkaganiza kuti akukhala dokotala wa m'chipatala. Atabwera kudzationa, njala yaikulu ija itangotha, achimwene anamufunsa pakhonde lomwelo kuti amaona odwala angati patsiku.

"Sindiona odwala, amalume. Ndimagwira ntchito ndi mbewa."

"Mbewa?"

"Zoyera. Timazisunga m'mabokosi."

"Ndiye tinakuperekeza mpaka pabwalo la ndege kuti ukakumbe mbewa kwa azungu? Ukananena, za kumunda kwanga zatha chimanga."

"Izi sizidyedwa, amalume. Timazibaya jakisoni."

"Zikachira zimalipira?"

Anthu anaseka, iyenso anaseka. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake nawafunsa kuti pageti amagwira anthu otani. Alamu anati akuba. Iye anati, "Nanga mutaona mwana wa akulu anu akutuluka ndi thumba la tiyi pansi pa jekete?"

Alamu anakanda kumutu. "Ameneyo nkhani yake timakakambira kunyumba."

"Ndi zimene ndikufufuza," anatero. Ndipo anatifotokozera mwa mawu amene aliyense pa esiteti ankawadziwa kale m'zaka zimenezo, chifukwa cha matenda amene ankatimaliza: asilikali a m'thupi. Anati asilikali amenewa amadziwa kugwira mlendo, monga kachilombo kolowa kuchokera kunja. Koma khansa si mlendo. Ndi mnofu wa munthu mwiniyo umene wayamba kukula mosamvera. Asilikali akafika pamene pali chotupa, chotupacho chimawapatsa moni wa pachibale, iwo n'kutsitsa mfuti. Ntchito yake inali kupeza kuti moni umenewo umaperekedwa bwanji, ndi kutseka chotupacho pakamwa kuti asilikali agwire ntchito yawo. Anati pa mbewa zina zinali zitayamba kutheka: chotupa chimafota popanda mpeni.

Mng'ono wanga sanamve zonse, koma kuyambira tsiku limenelo ankauza anzake pamzere wa kusikelo kuti mwana wake akuphunzitsa asilikali kugwira achibale.

Chaka chotsatira ndi chimene anayamba kudwala. Anali atasiya kusamba kwa zaka zingapo, ndipo magazi anabwerera. Poyamba pang'ono, kenaka mosalekeza. Ndinadziwa chifukwa tsiku lina ndinamupeza kumtsinje ali yekha, nthawi imene akazi sachapa, akuchapa nsalu zimene mkazi wa msinkhu wake sayenera kukhalanso nazo. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndipo ndinatenga nsalu zinazo n'kuyamba kumuthandiza. Panjira ndinamuuza kuti tipite kuchipatala cha mishoni ku Makwasa. Anakana. Anati anamwino a kumeneko timapemphera nawo, ena ndi akazi a akulu a mpingo, ndipo akangomva kuti mkazi akutaya magazi ndi kuonda, mawa lake esiteti yonse idzaloza amuna ake chala kuti abweretsa matenda a masiku ano m'nyumba. Anamwinowo sanali anthu a miseche. Mantha anali ake. Kukachipatala ka pa esiteti anapitako, koma amene ankaona odwala anali mwamuna wa msinkhu wa mwana wake, ndipo atamufunsa chimene chikuvuta, iye anayankha kuti msana. Anapatsidwa mapiritsi opha ululu, monga mmene aliyense wonena mawu amenewo akanapatsidwira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwathu kuno mawu akuti msana amanyamula katundu wa mitundu iwiri. Pali msana wa dengu, umene aliyense wothyola tiyi amaudziwa: kuwerama tsiku lonse pamtsetse, dengu likulemera kumbuyo. Ndipo pali msana umene mkazi amanena pamene sangathe kutchula za kumwezi, za chiberekero, za kunsi kwa mchombo. Mkazi mnzake akamva, amayang'ana nkhope ya wonenayo n'kudziwa kuti ndi msana uti. Mwamuna akamva, safunsanso. Mawu amenewa anapangidwa kuti azinenedwa pamaso. Ine ndinawaika papepala, pamene palibe nkhope.

Pa msonkhano wa Lamlungu lija achimwene ndiwo anayamba. Anati mlongo wawo akuonda, ndipo sikoyenera kuti tikhale ndi mwana wophunzira za matenda koma osamuuza. Anafunsa mng'ono wanga kuti chikupweteka n'chiyani kwenikweni. Iye anayang'ana pansi nati, "Msana, achimwene." Sakanatha kunena china pamaso pa mlongo wake. Alamu ankadziwa zonse, koma mkamwini salankhula za thupi la mkazi wake pamaso pa eni mbumba. Achimwene anati, "Chabwino. Achemwali, lembani."

Ndinali ndi cholembera m'manja ndi pepala pa bondo, ndipo ndinaganiza zolemba m'Chingerezi. Ndinafika fomu 4, Chingerezi ndimachidziwa. M'chilankhulo chimenecho mawu a magazi ndi chiberekero ndimatha kuwalemba popanda manyazi, chifukwa si chilankhulo chimene amayi anga anandilangira nacho. Koma mng'ono wanga anaona mzere woyamba nati, "Achemwali, lembani Chichewa, ndipo muwerenge mokweza. Ndimve zimene mukumuuza mwana wanga." Kenaka anawonjeza m'Chilomwe, motsitsa mawu, kuti mwana saona maliseche a mayi ake ngakhale m'kalata.

Ndinalemba kuti: Mayi ako akuvutika ndi msana. Ndinawerenga mokweza, onse anavomera. Kalatayo ndinapita nayo ndekha ku positi ku Luchenza. Ndinali nayo m'chikwama ulendo wonse, envulopu isanamatidwe. Cholembera chinali m'chikwama momwemo. Mzere umodzi pansi pa dzina langa ukanakwanira. Ndinaima pakauntala kwa nthawi, ndipo ndinamata.

Ndinadziuza kuti mwanayo ndi wa kuno, amva. Ndinadziuzanso kuti sindingaulule chimene mwini wake wabisa. Zifukwa ziwirizi zimatsutsana, ndipo ndinkadziwa kuti zikutsutsana: ndinkafuna kuti amve, koma kuti asamve kwa ine.

Yankho linabwera patapita milungu itatu, m'Chichewa chake chosamala. Anafunsa mafunso monga mwa ntchito yake, atawaika manambala. Ululu uli pati? Umatsikira m'miyendo? Umakula akanyamula dengu? Akudya bwino? Ndipo funso lomaliza linali lakuti: kodi pali china chilichonse chachilendo chimene mwaona m'thupi mwawo, ngakhale chooneka chaching'ono?

Mafunso oyambawo ndinayankha moona. Pa lomalizalo ndinawerengera mng'ono wanga, iye anapukusa mutu, ine ndinalemba kuti palibe. Kalata yoyamba ndingathe kuitchula kuti ulemu. Mawu awa akuti palibe anali bodza, ndipo analembedwa ndi dzanja langa.

Mwanayo anachita zimene munthu wanzeru akanachita ndi zimene anauzidwa. Analamula kuti mayi ake asiye kuthyola tiyi. Anatumiza lamba wamkulu womanga m'chiuno, wa nsalu yolimba, ndi pepala la zithunzi zosonyeza mmene munthu angawongolere msana m'mawa. Anauza bambo ake kuti agule matiresi. Mng'ono wanga ankavala lambayo pamwamba pa diresi popita ku Sabata kuti anthu amuone, ndipo akazi ankabwera kudzamugwira. Mmodzi anati, "Ana ophunzira ndi abwino. Wanga amanditumizira zidzukulu basi." Mng'ono wanga anaseka mpaka anagwira chipupa. Pansi pa diresiyo anali atamanga nsalu zitatu.

Zinapita chotero zaka ziwiri. Matelefoni atafika tinkapita ku Luchenza kukalankhula naye pa kanyumba koimbirapo, koma pamenepo pamakhala mzere wa anthu kumbuyo kwako, aliyense akumva. Mng'ono wanga ankati, "Ndikupezako bwino, lamba akuthandiza." Mwanayo ankatiuza za ntchito yake: kuti zimene anapeza zasindikizidwa, kuti anaitanidwa kukalankhula pamaso pa akatswiri a m'mayiko ena, kuti anthu ena ayamba kuganiza zoyesa njira imeneyo pa odwala enieni. Ankalonjeza kubwera akangomaliza gawo limene anali nalo, chifukwa mbewa sizingasiyidwe pakati pa kafukufuku. Ine ndinkamuyamikira. Sindinanene kuti fulumira. Kwathu munthu wakutali ukamuuza kuti fulumira, amadziwa kuti akubwera kumaliro, ndipo sindinafune kumudzidzimutsa.

Mwanayo anabwera m'nyengo yozizira, tiyi atadulidwa, minda ili mbuu ngati mitu yometedwa. Anafika masana. Anakumbatira mayi ake pakhomo, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha adakali m'manja mwawo. Matendawo anali atayamba kununkha. Ife tinali titazolowera, ndipo tinkawotcha masamba a bulugamu m'nyumba. Mwanayo sanakhale pansi. Anati, "Amayi, tiyeni kubafa." Mng'ono wanga anayesa kuseka, nati mlendo amayamba wamwa madzi. Iye anabwereza mawu omwewo, ndipo mayi ake anamutsatira. Anakhalako mphindi zochepa. Atatuluka anasamba m'manja nthawi yaitali, nafunsa bambo ake kuti galimoto yopita ku Blantyre ingapezeke kuti tsiku lomwelo.

Kuchipatala chachikulu ndinapita nawo. Dokotala analankhula ndi mwanayo m'Chingerezi, poganiza kuti ine mayi wachikulire wa chitenje sindikumva. Ndinamva zonse. Inali khansa ya khomo la chiberekero. Inali itafalikira mpaka kutseka njira za impso. Mwanayo anafunsa kuti zikanakhala bwanji akanabwera pamene magazi anayamba, ndipo dokotalayo anati nthawi imeneyo opaleshoni ikanatha kuthandiza. Makina otentha khansa m'dziko muno munalibe. Mwanayo ananena zotengera mayi ake kunja, koma dokotala anamufunsa mofatsa ngati iye mwini akukhulupirira kuti thupi limenelo lingapirire ulendo ndi mankhwalawo. Mwanayo anaisiya pomwepo nkhaniyo. Ankadziwa kuposa tonsefe.

Tinakhala pabenchi panja pa wodi, awiri. Ndinkadikira kuti andifunse. Ndinali nditakonzeka kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anati:

"Amayi aakulu, munandiuza."

Ndinatembenuka kumuyang'ana, iye anapitiriza:

"Munalemba kuti msana. Mwana aliyense wa pa esiteti akanamva. Ine ndinatumiza lamba." Anayang'ana manja ake. "Zaka zonsezi ndikuphunzira mmene chotupa chimalankhulira ndi asilikali, ndipo ndaiwala mmene amayi anga amalankhulira."

Za funso lake lomaliza lija, ndi yankho langa lakuti palibe, sanazitchule. Kaya anaiwala, kaya anaganiza kuti inenso sindinkadziwa. Pamenepo ndi pamene ndikanati: ayi mwanangu, unafunsa, ndipo ine ndinakunamiza, nsaluzo ndinkachapa ndine. Sindinatero. Ndinamugwira dzanja n'kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinamusiya asenze katundu wanga, ndipo ndinatchulapo dzina la Mulungu pomusenzetsa.

Tinabwerera naye wodwalayo kunyumba ndi mankhwala oletsa ululu. Achimwene anabwera madzulo ake dzuwa lisanalowe, ndipo atamva zonse anatembenukira kwa mwanayo.

"Nanga mankhwala ako aja, a asilikali?"

"Sanapse, amalume."

"Apsa liti?"

"Mwina zaka khumi. Mwina kupitirira. Ndipo sindikudziwa ngati adzagwire pa khansa ya mtundu uwu."

Achimwene anafunsa, osati mwaukali koma ngati munthu wofuna kumvetsa, "Ndiye ukuphikira ndani?"

Mwanayo anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Anakhala miyezi inayi. Ankasambitsa mayi ake yekha, ndipo chimene mng'ono wanga anachibisa zaka ziwiri kuti mwana asachione, mwanayo anachiona m'mawa uliwonse mpaka mapeto. Mng'ono wanga anasiya Chichewa m'masabata omaliza, ankangolankhula Chilomwe, ndipo mwanayo ankandiitana kuti ndimumasulire mawu ena. Tsiku lina wodwalayo anapempha lamba uja. Tinamuuza kuti amupweteka. Anati tingomuika pambali pake, chifukwa ndi chinthu choyamba chimene mwana wake anamugulira ndi maphunziro ake. Mwanayo anatuluka panja, ndipo ndinamupeza ataima kuseri kwa nyumba akuyang'ana minda. Mng'ono wanga anamwalira mvula yoyamba itagwa, tiyi atayamba kuphuka, anzake ali m'minda ndi madengu. Tinakamuika kumudzi kwa amayi athu kwa Changata.

Mwanayo anabwerera kuntchito yake patapita sabata ziwiri, ndipo kufikira lero sanapondenso kuno. Amasamala bambo ake, sanawataye. Ntchito yake ndikumva kuti yakula. Mphunzitsi wina wa kusekondale anandibweretsera pepala limene anasindikiza pa kompyuta, pali chithunzi chake atavala chovala choyera, ataima pakati pa achinyamata amene iye akuwaphunzitsa. Pansi pake analemba kuti zimene gulu lake linapeza zathandiza kutsegula njira ya mankhwala amene akuyesedwa tsopano, ndi kuti ena mwa odwala amene madokotala anali atawataya akali ndi moyo. Ndinawerenga kawiri. Ndikukhulupirira kuti ndi zoona. Anthu amenewo ali ndi ana awo ndi achemwali awo, ndipo sindiwachitira nsanje. Koma pachithunzicho mwana wathu sakumwetulira, ndipo ndikudziwa nkhope imeneyo: ndi ya pabenchi ija.

Makalata ake kwa ine tsopano ndi aafupi, ndipo amalemba m'Chingerezi. M'kalata ina ananena chifukwa chake mu mzere umodzi, kuti sadzikhulupiriranso m'Chichewa. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kulemba chilankhulo chimenechi.

Nthawi zina ndimakumbukira zimene anatiuza pakhonde, zoti chotupa chimapereka moni wa pachibale ndipo asilikali amatsitsa mfuti. Tinaseka tsiku limenelo. Patangopita chaka tinakhala pakhonde lomwelo anthu anayi okondana, aliyense akulemekeza mnzake, ndipo matendawo anadutsa pakati pathu popanda wowaimitsa. Pa anayiwo, amene anali ndi cholembera ndi ine.

Alamu akalamba, maso achita khungu. Achimwene sanadziwe kuti msana uja unali uti kufikira tsiku la ku Blantyre, ndipo anamwalira chaka chatha osadziwa kuti ine ndinkadziwa. Pa esiteti akazi akunenabe msana. Mwezi wathawu ndinamva mayi wina wa mumpingo akunena mawu omwewo kwa mwana wake wamwamuna, ndipo ndinayang'ana nkhope yake n'kudziwa. Ndinamutsatira panja, ndinamuuza mosabisa zimene zinachitikira mng'ono wanga. Anandithokoza mwaulemu, nati akaganizira. Sanapite.

Zimene ndalemba pano ndinazilembapo kale m'kalata yopita kwa mwanayo. Kawiri ndapita nayo ku positi ku Luchenza, ndipo kawiri ndabwerera nayo m'chikwama. Ndikuopa kuti akadziwa sadzanditchulanso amayi aakulu, ndipo ine ndilibe mwana wina wobadwa mwa mng'ono wanga. Ndikudziwa kuti mantha amenewa ndi omwe aja a tsiku loyamba, angosintha nsalu. Ndakalamba nawo, ndipo sindikuona kuti ndidzawagonjetsa m'masiku amene anditsalira.

Choncho ndikupempha inu a mbumba yathu amene mudzatsegule sutikesi yanga ndikadzapita: mapepala awa musawawotche pamodzi ndi makalata akale, ndipo musawapereke kwa akulu a mpingo kuti aweruze ngati ndi oyenera. Muwasunge pouma, pamodzi ndi lamba amene ndawakulunga naye. Mwanayo akadzabwera kumaliro anga, mumupatse m'manja. Akapanda kubwera, mumutumizire monga mmene alili, m'Chichewa, osachotsa mawu ngakhale amodzi. Awerenge kuti anafunsa funso loyenera, kuti chilankhulo cha amayi ake sanachiiwale, ndi kuti amene analemba kuti palibe ndi ine.